Kope la maganizo a owerenga: umu ndi momwe mungaliyambire kwanuko

Mawu oti "ndi labwino kwambiri, mugule" ndi amene anadyetsa achemwali anga ndalama imene anaisunga miyezi iwiri kuchokera kothyola tiyi. Mwana wawo anali Fomu 4 ndipo ankafuna buku la Jogalafe lomuthandiza kukonzekera mayeso. Anafunsa mnyamata wina wa m'mudzi mwathu amene anakhoza bwino MSCE, iye n'kutchula buku limene linamuthandiza. Mnyamatayo sananame ayi. Bukulo linalidi labwino m'chaka chimene iye ankalemba. Koma palibe anamufunsa kuti analemba liti, ndipo pofika nthawi ya mwana wathuyu silabasi inali itasintha. Mitu ina imene ankachezera nayo usiku pa kandulo inali itachotsedwa, ina yofunika munalibemo.

Mpaka lero ndikakumbukira zimandiwawa. Ndiye chimene chinatiyambitsa ife a kuno kufupi ndi Chitakale chinthu chimene timangochitchula kuti kope la maganizo. Ndi kope wamba limene limakhala m'katoni limodzi ndi mabuku athu obwerekana. Aliyense akawerenga buku amalembamo zimene wapeza, kuti wobwera pambuyo adziwe ngati bukulo likumuyenera. Chimene taphunzira n'chakuti maganizo a wowerenga amathandiza pokhapokha tikadziwa kuti wanenayo ndani, ankafuna chiyani m'bukumo, ndipo akuloza tsamba liti. Zonse zili m'munsimu zatsamira pamenepo.

Choyamba, sonkhanitsani zimene zilipo kale

Musadikire bungwe loti lidzakupatseni mabuku. Mabuku alipo m'nyumba za anthu: m'sutikesi pansi pa bedi, kwa aphunzitsi opuma ntchito, kwa akulu a mpingo, kwa ana amene anamaliza sukulu. Yendani khomo ndi khomo, ndipo nenani poyera kuti mukubwereka, simukupempha. Mwini buku alembe dzina lake mkati mwa chikuto, adziwe kuti tsiku lililonse akalifuna alitenga.

Anthu 8 kufikira 12 akwana. Musatenge ana asukulu okhaokha kapena aphunzitsi okhaokha. Pakhale mayi wa banki m'khonde, pakhale wakabaza, pakhale agogo ngakhale maso awo anafooka, popeza wina angathe kumawawerengera. Kenako kadziwitseni amfumu kuti anthu azikumana pakhomo pakuti, tsiku lakuti, ndipo nkhani yake ndi ya mabuku.

Chachiwiri, konzani kopelo

Gulani hadikava yaikulu. Kope la chikuto chofewa silitha chaka likuyenda m'manja mwa anthu. Masamba anayi oyamba asiyeni kuti mulembepo mndandanda wa mabuku onse. Otsalawo agaweni patatu: nkhani zopeka, mbiri yakale, ndi mabuku a sukulu. Ife timaika N pa nkhani, M pa mbiri, S pa sukulu, kenako nambala: N1, N2, M1, S1, choncho. Nambala yomweyo muilembenso pa bukulo.

Buku lililonse lipatseni masamba awiri oyang'anizana. Pamwamba lembani dzina la buku, mlembi, amene anasindikiza, ndi chaka. Pa chakapa m'pofunika kudekha. Tembenuzani tsamba loyamba, kuseri kwake kuli tizilembo ting'onoting'ono. Kawirikawiri mupezapo zaka zingapo: chaka chimene bukulo linatuluka koyamba, ndi zaka zimene anangolisindikizanso. Buku likhoza kuoneka latsopano, mapepala oyera mbee, pamene zam'kati mwake zinalembedwa kale kwambiri. Mwachitsanzo, Nthondo la Samuel Josia Ntara linatuluka koyamba mu 1933, ngakhale limene muli nalo m'manja lingakhale losindikizidwa dzana. Lembani zaka zonse ziwiri, choyambacho ndi chomalizacho.

Chachitatu, gwirizanani zimene aliyense azilemba

Mukangouza anthu kuti alembe maganizo awo, mudzapeza tsamba lonse ladzaza ndi "labwino", "lokoma", "lotopetsa". Ife tinayamba choncho, ndipo patatha miyezi iwiri kope linalibe chothandiza munthu. Tsopano mkati mwa chikuto tinalembamo zinthu zinayi zimene wolemba aliyense ayenera kuyankha.

Ayambe wanena kuti iye ndi ndani pa nkhani ya kuwerenga. Dzina si lofunika, ena amachita manyazi. Chofunika n'chakuti "ndili Fomu 3", kapena "ndinalekeza Sitandade 8, ndimawerenga Chichewa chokha", kapena "ndimaphunzitsa ku pulayimale". Buku limene mphunzitsi waliona losavuta likhoza kukhala phiri kwa wina.

Anene chimene ankafuna potenga bukulo: kusangalala, kudziwa za makolo ake, kapena kukhoza mayeso. Anenenso pamene analekezera. Ichi ndimachiumirira kwambiri. Kusiyira buku panjira si tchimo, ndipo munthu wolemba kuti "ndinalekeza pa tsamba 40 chifukwa Chingerezi chake chinandikulira" wathandiza anzake kuposa wonamizira kuti wamaliza.

Chomaliza, aloze tsamba limodzi kapena awiri. Ngati akuti bukulo linamuliza, pati? Ngati akuti lili ndi bodza, tsamba liti? Akatero, wina aliyense angathe kutsegula pomwepo n'kudzionera yekha. Pansi pake alembe mwezi ndi chaka. Mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yakwana.

Chachinayi, pa nkhani zopeka

Apa lamulo lalikulu ndi limodzi: osaulula mathero. Amene akufuna kukamba za kumapeto alembe kuseri kwa kope, ndipo achenjeze.

China chimene chimavuta ndi chizolowezi cha kusukulu. Ambirife tinaphunzira kuti ukawerenga nkhani uzitchula ampangankhani, malo ndi nthawi, kenako phunziro lake. Ndiye munthu amalemba kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti kuba n'koipa, basi n'kutseka kope. Zimenezo n'za m'kalasi, ndipo kumeneko zili ndi malo ake. M'kope lathu timafuna kumva ngati unagona mochedwa chifukwa cha bukulo, ngati anthu a m'nkhanimo amayankhula ngati anthu enieni, ngati mlembi akudziwadi mudzi kapena akungoumva. Mayi wina wa m'gulu mwathu analemba za buku lina kuti mlembi wake sanasenzepo mtolo wa nkhuni, chifukwa mtsikana wa m'nkhanimo akutsika phiri ndi mtolo kumutu uku akuthamanga ndi kucheuka. Analoza tsamba lake. Ife amene timaona amayi akutsika ndi nkhuni m'njira za ku Likhubula tinadziwa pompo kuti wanena zoona.

Anthu awiri akasiyana maganizo pa nkhani imodzi musafufute la wina. Onse awiri akhale pa tsamba lomwelo. Wobwera pambuyo adzaona yekha kuti amafanana ndi uti.

Chachisanu, pa mabuku a mbiri yakale

Pano ndichedwapo, chifukwa ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo mbiri imene ili m'mabukumo inachitikira pakhomo pathu penipeni.

Wowerenga buku la mbiri awonjezere mayankho a mafunso atatu: analemba ndani, analemba liti, ndipo anafunsa ndani. Buku lolembedwa ndi mzungu wa boma la atsamunda kapena mwini esiteti likamakamba za tiyi, amene anayamba kubzalidwa kuno ku Mulanje m'ma 1890, limachulukitsa mayina a eni minda ndi kukula kwa minda yawo. Za amene ankalambula tchire ndi kuthyola masamba mumapeza mzere umodzi. Bukulo silinganame pa zaka, koma laona nkhani kuchokera pakhonde la bwana. Lembani zimenezo m'kope, kuti wotsatira aliwerenge akudziwa pamene mlembi anaima.

Tengani mawu oti thangata. Kwa makolo athu kuthangata kunali kuthandizana ntchito. M'minda ya azungu mawu omwewo anasanduka ntchito imene munthu ankagwira mokakamizidwa m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Buku lina lingakufotokozereni thangata ngati mgwirizano wa lendi chabe, lina ngati ukapolo. Wowerenga anene kuti buku lake laima mbali iti, ndipo aloze tsamba.

Chimodzimodzi nkhani ya John Chilembwe. Kuukira kwake kunayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo iye anaphedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho kuchigawo chathu chino akulowera kumalire a Mozambique. Zolemba za boma la nthawi imeneyo zimamuona ngati woukira wosokoneza mtendere. Ife lero timamukumbukira pa 15 Januwale ndipo nkhope yake ili pa ndalama zathu. Ngati muli ndi mabuku awiri okamba za iye, apatseni anthu awiri mwezi umodzi, kenako asinthane. Zolemba zawo zikakhala moyandikana m'kope, kusiyana kwa mabukuwo kumaonekera poyera.

Mabuku osindikizidwa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi nawonso ali ndi malire awo. Kuchokera mu 1968 kunali lamulo lounika mabuku ndi kuletsa amene boma silinawafune, ndipo zinthu zinayamba kumasuka pambuyo pa referendamu ya 1993. N'chifukwa chake buku la nthawi imeneyo likafika pa kugawanika kwa nduna mu 1964 limadutsapo msangamsanga kapena limangonena mbali imodzi. Si chifukwa choti mulitaye. Ingolembani chaka chake mooneka bwino.

Thandizaninso wowerenga watsopano pa mayina. Mabuku akale amalemba Mlanje m'malo mwa Mulanje, Cholo m'malo mwa Thyolo, ndipo boma la Mulanje limatchulidwa kuti Fort Anderson. Akamati Mlanje akuphatikizapo Phalombe, popeza Phalombe linakhala boma palokha mu 1998. Ambiri amatchulanso Alhomwe ndi dzina lonyoza lija loti Anguru. Woyamba kuliwerenga achenjeze anzake, makamaka ngati bukulo akawerengere agogo.

Tsono chinthu chimene ndimachikonda koposa ndi ichi. Buku likakamba za kwathu kuno, tengani mutu umenewo mukawerengere munthu wachikulire, ndipo zimene ayankhe muzilembe pansi pa maganizo anu. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe pa nkhani ya malo ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amene anali ana oti n'kukumbukira nthawi imeneyo lero ndi agogo okalamba kwambiri, ndipo akutha mmodzimmodzi. Pitani msanga. Khalani pansi, perekani moni bwinobwino, funsani kuti "Agogo, buku ili likuti zinayenda chonchi, inu munamva zotani kwa akuluakulu?" Musawatsutse ndi buku, musatsutsenso buku ndi iwo. Lembani zonse ziwiri, ndipo musonyeze kuti izi ndi za m'buku, izi ndi za pakamwa, komanso ngati agogowo anaona okha kapena anachita kumva. Nthawi zina amasokoneza zaka, koma amadziwa mtsinje, mtengo ndi mudzi umene buku silinatchule.

Chachisanu ndi chimodzi, pa mabuku a mayeso ndi mapamfuleti

Apa ndi pamene ndalama za makolo zimathera, ndiye pafunika kuuma mtima. Buku la mayeso sitiliyesa ndi kukoma. Timaliyesa ndi silabasi.

Musanalole buku la mtundu umenewu kulowa m'katoni, pitani nalo kwa mphunzitsi amene akuphunzitsa phunzirolo chaka chino, osati amene analiphunzitsapo kale. Mupempheni aike mndandanda wa mitu ya m'bukulo pambali pa silabasi imene ikugwira ntchito. Silabasi imakonzedwa ndi a MIE ku Domasi, mayeso amakonza ndi a MANEB, ndipo sukulu zimadziwa mabuku amene anavomerezedwa. Mphunzitsiyo anene mitu imene ikusowa ndi imene inachotsedwa, inu mulembe pamwamba penipeni pa tsamba la bukulo m'kope, ndi bolopeni yofiira ngati ilipo.

Palinso njira zachangu zodziwira msinkhu wa buku ngakhale chaka sanalembe. Likamati Malawi ali ndi maboma 24, ndiye kuti linalembedwa 1998 isanafike, chifukwa lero maboma ndi 28. Likamapereka chiwerengero cha anthu, onani ngati latengera kalembera wa 2018, amene anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Onani zimene mukuzidziwa bwino: nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo buku lolakwitsa phiri limene mukuliona pakhomo panu musalikhulupirire pa mapiri a kutali. La Masamu, sankhani masamu atatu m'malo osiyana, wina wodziwa awawerengere, muone ngati mayankho a kumapeto akugwirizana. La Chichewa, yang'anani kalembedwe. Mabuku akale kwambiri amalemba "cifukwa" ndi "cinthu" popanda h, ndipo mwana akatengera zimenezo pa mayeso amataya malikisi.

Mapamfuleti ogulitsidwa m'misika ndi ofunika kuwaunika kawiri. Ena analembedwa ndi aphunzitsi odziwa ntchito yawo ndipo athandiza ana ambiri, sindingawanyoze onse. Koma pamfuleti yopanda dzina la wolemba, yopanda chaka, ilibe woifunsa ikalakwitsa. Yochita kufotokopa werengani manambala a masamba, chifukwa kawirikawiri ena amasowa ndipo mizere ya m'mphepete imadukira. Ndipo tisaiwale kuti kufotokopa buku lonse la munthu ndi kumudyera thukuta lake, n'chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA loteteza ntchito za alembi.

Pa mabuku ofotokozera nkhani, ndakatulo ndi masewero a pa mayeso, wowerenga anene ngati anawerenganso buku lenilenilo. Manotsi okha sakwana. Mwana amene waloweza chidule cha wina amasowa chonena funso likabwera mokhota.

Ndiye pali lamulo limene tinaliika chifukwa cha mwana wa achemwali anga uja. Wophunzira amalemba maganizo ake kawiri. Koyamba akamaliza kugwiritsa ntchito bukulo. Kachiwiri akatuluka m'mayeso, zinthu zikadali m'mutu: mitu iti inamuthandiza, ndi mafunso ati amene bukulo silinamukonzekeretse. Siyani mpata wa mizere inayi pansi pa zolemba zake zoyamba, ndipo wosunga kope amulondole mpaka adzaze mpatawo. Alembe chaka chimene walemba mayeso. Mizere inayi imeneyo ndi imene makolo amabwera kudzaifuna.

Chachisanu ndi chiwiri, kukumana

Kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Ife timakumana Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi, chifukwa nyengo ya mvula tiyi akachuluka masiku ena onse anthu amafika kunyumba atatheratu. Wosunga kope amawerenga mokweza zimene zalembedwa mwezi umenewo, kenako timakambirana buku limodzi kapena awiri.

Poyankhula ayambe ana, akuluakulu atsirize. Mukayamba ndi aphunzitsi kapena abambo aulemu wawo, mwana wa Fomu 2 sangathe kunena kuti iye waona mosiyana, angoti "monga anenera abambowa". Wotsogolera aziitana mofatsa kuti "Iwe mwanawe, tatiuza, unalekeza pati?" ndipo akafika kwa akulu, "Aphunzitsi, nanga inu mwaona bwanji?" Mkangano ukakula, bwererani ku tsamba. Tsegulani, wina awerenge ndimeyo, onse amve.

Amene satha kulemba asatsalire. Anene pakamwa, wina amulembere, kenako amuwerengere kuti avomereze ngati alidi mawu ake.

Chachisanu ndi chitatu, kusamala mabuku

Kuno mdani wa pepala ndi chinyezi. Chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana, buku losiyidwa pafupi ndi khoma limayamba nkhungu ndipo masamba amamatana. Katoni isakhale pansi, chiswe sichichedwa. Ikani pa tebulo kapena pa thandala, buku lililonse m'jumbo yake, ndipo dzuwa likawala muziwatulutsa pamthunzi apitidwe mphepo. Ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro imaposa katoni ngati mungaipeze. Wobwereka asunge buku masabata awiri, a mayeso sabata imodzi nyengo yokonzekera. Kope lenilenilo lisagone kwa munthu wina kupatula wolisunga. Wofuna kulemba alembere pomwepo pobweza buku.

Pomaliza, pokagula

Tsiku limene wina wapeza ndalama yogulira buku, ayambe wadzera kwa wosunga kope. Awerenge zimene anzake analemba, asankhe maganizo a munthu wofanana naye, ndipo akopere pakapepala dzina la buku, mlembi ndi chaka. Ngati mukutuma munthu wopita ku Limbe kapena ku Blantyre, jambulani chikuto ndi tsamba la chaka lija mumutumizire pa WhatsApp, chifukwa mabuku a dzina limodzi amakhala ndi makope a zaka zosiyana. Safunsa anadya phula: akafika kogulitsa atsegule bukulo, aone chaka, awerenge masamba ngati ali onse, ndipo ngati chakayikitsa chilipo aimbe foni asanapereke ndalama. Mabuku a mbiri ya dziko lino amene sapezeka m'masitolo, wopita mumzinda angathe kukawawerengera ku nyumba zowerengeramo mabuku za National Library Service kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, n'kubwera kudzalemba m'kope zimene wapeza, ngakhale bukulo tilibe.

Kope likadzaza lembani pachikuto chaka chimene linayamba ndi chimene lathera, muyambe lina, koma lakalelo likhalebe m'katoni. Lathu loyamba likadalipo. Buku la Jogalafe lija sitinalitaye, ndi S1. Amene analemba koyamba pa tsamba lake ndi mwana wa achemwali anga yemweyo. Anatchula mitu yoti anzake aidumphe, anatchula imene ikusowa, ndipo ananena kuti mapu a kumapeto akadali othandiza kwa wophunzira kuwerenga mapu. Ana atatu alibwerekapo chifukwa cha mapuwo.